Maso a Nkhono, Dzanja la Munthu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anatisiyira mwambi umenewu anali atagwadapo pambali pa nkhono m'dzinja, mvula itangokata, n'kuipenyetsetsa. Ankadziwa kuti ili ndi tinyanga tinayi: tiwiri tatifupi tofufuzira njira ndi fungo, tiwiri tatitali tokhala ndi kadontho kakuda kunsonga, ndipo kadonthoko ndiye diso. Ankadziwanso kuti ukaponda pafupi ndi mphamvu, ukakhudza tsamba limene yatsamirapo, kaya mthunzi wako ukaidutsa modzidzimutsa, tinyangato timazimirira m'mutu, maso n'kupita nato. Nkhono sikakamizika. Ukaigogoda pachigoba wangodziwonjezera nthawi yodikira. Chimene chili m'manja mwako n'chimodzi basi: kuleka kukhala chosokoneza.

Mwambiwu timauza mwana wopupuluma, mkamwini wofuna kudziwa zonse zapamudzi tsiku limodzi, wophunzira ntchito amene akufuna kuposa mmisiri wake mwezi usanathe. Koma alipo anthu amene kwa iwo mawuwa ndi lamulo la ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo akaliphwanya chilango chake amachionera pomwepo. Ndikunena ojambula zithunzi za tinthu tating'ono kwambiri: diso la ntchentche, mlomo wa udzudzu, mamba a paphiko la gulugufe, ufa wachikasu wa m'duwa la dzungu. Luso lawolo amalitcha macro. M'kati mwa kamera, kuseri kwa lenzi, muli sensa imene imalandira kuwala, ndipo m'makamera akuluakulu ambiri sensayo ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Macro yeniyeni imayamba pamene chinthu chikugwera pasensapo ndi msinkhu wake weniweni. Ena amapitirira apo. Lenzi ya Canon MP-E 65mm, imene inatuluka mu 1999, imakuza chinthu mpaka kasanu. Zikafika pamenepo, chithunzi chonse kuchoka mbali iyi kukafika mbali iyo chimangonyamula mamilimita 7.2 a dziko lapansi. Nankafumbwe mmodzi, kachilombo ka mamilimita atatu kapena anayi kaja, amatenga theka la chithunzi yekha.

Walira mvula walira matope. Lenzi sisankha choti ikuze. Ikakuza nankafumbwe kasanu, yakuzanso kasanu kugwedezeka kulikonse kwa pakati pa iye ndi kamera. Tiyeni tiwerenge pang'ono, poti manambala ake ndi amene amatsegula munthu maso. Sensa ya mapixel 24 miliyoni imakhala ndi timadontho 6,000 m'litali mwake. Timadontho timeneti tikagawana mamilimita 7.2 aja, kalikonse kamayang'anira malo a micron 1.2 okha, ndipo micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake kumazungulira pa mamicron 70. Ndiye kuti kamera ikasuntha mtunda wa tsitsi limodzi pamene ikujambula, mzere umene unayenera kukhala pakadontho kamodzi umapakika patimadontho pafupifupi 60. Chimene chimatuluka ndi chimbuuzi chokhachokha, mbuu, ngakhale lenziyo itakhala ya ndalama zogulira galimoto.

Tsono dzanja la munthu silikhala phee. Ngakhale munthu wathanzi, wosamwa kanthu, wogona bwino, minofu yake imanjenjemera mobisika maulendo 8 mpaka 12 pa sekondi iliyonse. Mtima ukagunda magazi amakankha mpaka kunsonga za zala. Mpweya ukalowa mapewa amakwera. Zonsezi sitizimva pogwira khasu kapena cholembera, koma lenzi yokuza kasanu imaziulula zonse poyera. Apa m'pamene mwambi wa nkhono umayamba kutiphunzitsa zakuya. Ambiri timaumva ngati ukunena za mtima wokha, kuti ukaugwira mtima zonse zitheka. Wojambula tinthu tating'ono amadziwa kuti mtima wofatsa pawokha sukwana, chifukwa thupi limene mtimawo ukukhalamo silimvera. Kwa iye kudekha n'chinthu chochita kumanga ndi manja. Kumapangidwa ndi thabwa, mabawuti, mwala wolemera ndi masekondi owerengedwa. Kumayamba ndi kuvomereza kuti chogwedeza choyamba ndiwe mwini, kenako n'kukonza zinthu mwakuti pa mphindi yojambulayo iwe ukhale utachokapo.

Vutoli ndi lakale kuposa kamera. Mu 1665, Robert Hooke wa ku England anatulutsa buku lotchedwa Micrographia, lodzaza ndi zojambula pamanja za zimene ankaona pa maikulosikopu: utitiri, nsabwe, diso la ntchentche. Nyerere inamuvutitsa kwambiri. Yamoyo sinkaima, ndipo akaipha inkafota n'kutaya maonekedwe ake. Mapeto ake anaiviika m'mowa waukali, inakomoka kwa kanthawi ndithu, iye n'kuijambula, ndipo pambuyo pake inatsitsimuka n'kuthawa. Patapita zaka zoposa 200, mnyamata wina wapafamu ku Jericho, m'boma la Vermont ku America, dzina lake Wilson Bentley, analumikiza maikulosikopu ndi kamera pofuna kujambula tinyenyeswa ta sinowo, madzi ouma ofewa amene amagwa kuchokera kumwamba m'mayiko ozizira. Anapambana koyamba mu January 1885 ali ndi zaka 19, ndipo pa moyo wake anajambula zithunzi zoposa 5,000. Ankagwira ntchito pamalo ozizira opanda moto, ankasuntha kanyenyeswako ndi kamtengo ndi nthenga, ndipo ankasamala ngakhale mpweya wa m'kamwa mwake, poti ukangokafikira kanyenyeswako kankasungunuka. Anthu awiriwa analibe makina athu a lero. Chimene anali nacho n'kudziwa kuti kanthu kakang'ono kamaonetsa nkhope yake kwa amene wathetsa kaye kugwedera.

Lero adani ake tikuwadziwa ndi maina, ndipo woyamba ndi chala. Kukanikiza batani lojambulira n'kukankha kamera, ngakhale utakanikiza mwaulemu chotani. Mankhwala ake ndi otsika mtengo kuposa onse: rimoti, kaya ya chingwe kaya yopanda chingwe, kapena timer ya m'kamera momwemo imene imadikira masekondi awiri kapena khumi isanaombe. Pa kukuza kwakukulu masekondi awiri nthawi zina amachepa. Amene akukayika ayatse sikirini ya kuseri kwa kamera, akuze chithunzicho kakhumi, akhudze kamerayo pang'ono ndi nsonga ya chala n'kuchotsa. Adzaona mwendo wa nankafumbwe ukuvina gwedegwede pasikirinipo, kenako kuvinako kukuchepa, kukuchepa, mpaka kuima. Nthawi imene yadutsa kuti uime ndiyo ngongole imene ayenera kulipira asanajambule chithunzi chilichonse. Akangoiona ndi maso ake kamodzi, sadzafunanso womukumbutsa.

Mdani wachiwiri amagona m'nyumba momwemo. M'makamera a mtundu wa DSLR muli kagalasi kamene kamatumiza kuwala kudiso la wojambula. Pojambula, kagalasiko kamatembenukira m'mwamba mwaliwiro n'kumenya, phwa, kuti kuwala kudutse kukafika pasensa. Kumenyako kumanjenjemeretsa kamera yonse pa nthawi yoipitsitsa. N'chifukwa chake opanga makamera anaikamo njira yotchedwa mirror lock-up: ukakanikiza koyamba kagalasi kamakwera n'kukhala komweko, umadikira, ukakanikiza kachiwiri m'pamene chithunzi chimatengedwa. Komabe kagalasi kakachoka pamatsala shutter, tizitseko tiwiri topyapyala timene timatsegula ndi kutseka njira ya kuwala. Chitseko choyamba chikatseguka n'kukaima chimagwedezanso kamera, sensa ili mkati molandira kuwala. Makamera opanda kagalasi nawonso vuto ili ali nalo. Kuyambira cha m'ma 2007, pamene Canon EOS 40D inatuluka, makamera ambiri anayamba kutha kuyamba kujambula ndi magetsi okha, chitseko choyamba chili chotsegula kale, moti chogunda chimangobwera kumapeto chithunzi chitatengedwa. Ena masiku ano amajambula popanda chitseko chilichonse kusuntha, zii. Ojambula ambiri amapeza kuti kugunda kumeneku kumawononga kwambiri pamene shutter yatsegula kwa nthawi yapakatikati, kuyambira cha pa 1/60 ya sekondi kufika theka la sekondi. Ikatsegula masekondi angapo, kunjenjemera kwa poyamba kuja kumakhala kachigawo kochepa ka nthawi yonseyo ndipo sikuoneka kwenikweni.

Mdani wachitatu ndi dziko lenilenilo. Timaliyesa lokhazikika chifukwa mapazi athu ndi ogontha. Lole ikadutsa mumsewu, chigayo chikalira kuseri kwa nyumba, filiji ikayaka, wina akamenyetsa chitseko kuchipinda, zonsezi zimayenda m'nthaka ndi m'makoma n'kudzakwera ndi miyendo ya tebulo. Pansi pa matabwa ndiye pamanyamula phazi lililonse. Pa simenti ya nyumba yosasanjikiza m'pabwino koposa. Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija, chimathandiza kwambiri pa zithunzi wamba, koma pano mphamvu zake zimaperewera. Ukatambasula miyendo yake yopyapyala yakunsi, kapena kukweza mtengo wake wapakati, kamera imakhala pansonga ya chinthu chachitali chimene chimawerama ndi kamphepo kalikonse. Lamba wa kamera wolendewera, chingwe chokoka, fani yozungulira padenga, chilichonse chili ndi gawo lake. Ngakhale makina oletsa kugwedezeka amene amaikidwa m'malenzi ndi m'makamera amakono anapangidwira dzanja logwira kamera. Mphamvu yawo imachepa ukamayandikira kwambiri, ndipo kamera ikamangidwa pamalo olimba ndi bwino kuwazimitsa, kuopa kuti pofunafuna chogwedera chimene kulibe angabweretse chawochawo.

Kodi ndiye tithetsa bwanji kugwedezeka kwa dziko lonse? Sitingathe, ndipo nkhani yabwino ndi yakuti sitifunikira kutero. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Sensa sidziwa kuti nyumba ikunjenjemera. Chimene imaona n'kusiyana kwa mayendedwe pakati pa lenzi ndi chinthu chojambulidwacho. Kamera ikakhala pa tripod pansi, nankafumbwe ali patebulo, ndiye kuti pali zinthu ziwiri zimene chilichonse chikugwedera mwa nthawi yakeyake, ndipo kusemphanako n'kumene kumalembedwa pachithunzi. Koma tengani thabwa limodzi lochindikala, kapena chitsulo chophwatalala. Kumapeto kuno mangani kamera nganganga ndi bawuti. Kumapeto uko mangani kachoikapo kachilomboko. Zonse zikhale zazifupi, zonenepa, zogwirana ndi thabwalo, popanda chotalika ngati khosi. Tsopano lole ikadutsa, thabwa lonse limasuntha pamodzi, kamera ndi kachilombo zimapita limodzi n'kubwerera limodzi, ndipo kwa sensa palibe chachitika. M'nkhani yonseyi mfundo iyi ndiyo imandigwira mtima kwambiri. Bata limene wojambula amafuna silopezeka poimitsa zinthu zonse, poti pansi pano palibe choima. Limapezeka pomangirira woona ndi choonedwa pa maziko amodzi.

Pamwamba pa nzeru imeneyi amawonjezera ina. Thabwa lija amaliika pachinthu cholemera, monga mwala wosema wa granite kapena silabu ya simenti, chifukwa cholemera sichitengeka ndi tizigwedezo tating'ono. Pansi pa mwalawo amaika chofewa: tizidutswa ta labala yapadera yotchedwa Sorbothane, kapena chubu cha njinga chopopa pang'ono. Chofewacho chimagwira ntchito ya nkhata imene mayi amaika pakati pa mutu ndi ndowa: chimameza kugunda kochokera pansi kusanafike pakatundu. Koma malo ake ndi pansi pokha. Wina akalakwitsa n'kuika chofewa pakati pa kamera ndi thabwa, walekanitsa zimene zimayenera kuyenda limodzi, ndipo zinthu zimaipa kuposa poyamba. Lamulo lake ndi lalifupi: pakati pa kamera ndi chojambulidwa pakhale polimba, pakati pa zonsezo ndi dziko pakhale pofewa.

Kumunda kulibe mwala wosema, koma nzeru yake ndi yomweyo. Ojambula tizilombo tamoyo amalawira mmamawa, mame asanaume, pamene tizilombo tazizidwa ndipo sitinayambe kuuluka, mphepo nayo isanadzuke. Akapeza njuchi itagona paduwa, dzanja lamanzere limagwira kanthambiko modekha ndi chala chachikulu ndi cholozera, ndipo nsonga ya lenzi imatsamira padzanja lomwelo. Dzanja likunjenjemerabe, inde, koma duwa ndi lenzi zikunjenjemera nyimbo imodzi. Zigongono amazipanikiza m'nthiti kapena pabondo. Sapotokola lenzi pofuna poonekera bwino. M'malo mwake thupi lonse limapita kutsogolo pang'onopang'ono mpaka diso la njuchiyo litayera, ndipo pomwepo amaomba.

Chimene chimawapulumutsa panja paja ndi fulashi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo wolowa m'luso ili ayenera kupalana ubwenzi ndi kuwala kong'anima. Chifukwa chake ndi ichi. Lenzi ikakuza kasanu, kuwala kofika pasensa kumachepa pafupifupi maulendo 36 poyerekeza ndi pojambula chinthu chakutali. Kuwala kukachepa shutter imayenera kutsegula nthawi yaitali, ndipo nthawi yaitali ndiyo khomo la kugwedezeka. Fulashi imadula mfundo imeneyi. M'malo amdima, chithunzi chimalembedwa pa kamphindi kamene fulashi yayaka basi, kaya shutter yatsegula nthawi yotani. Harold Edgerton wa pa sukulu ya MIT ku America anaonetsa dziko mphamvu ya zimenezi: mu 1964 anajambula chipolopolo chikuboola apozi, chitaima m'malere ngati chomangirira, pogwiritsa ntchito kuwala kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Fulashi wamba ya pakamera sifika pamenepo, koma ili ndi chinsinsi chake: ukaichepetsa mphamvu imang'anima mwachidule kwambiri. Fulashi ya Nikon SB-800 pa mphamvu yonse imayaka pafupifupi 1/1,000 ya sekondi, koma pa mphamvu yotsikitsitsa imayaka mosafika ngakhale 1/40,000. Pa kamphindi kotere dzanja silipeza mpata woti lisunthe. Choncho amisiri amaibweretsa fulashi pafupi kwambiri, n'kuitsitsa mphamvu. Kuti kuwalako kusathobwe pachigoba chonyezimira, amakudutsitsa papepala loyera kapena pakapu yoyera ya pulasitiki yozungulira kachilomboko. M'chipinda ena amathimitsa magetsi, n'kulola shutter itsegule sekondi yathunthu mumdima, fulashi n'kuyaka kumapeto kwenikweni, pamene kugunda konse kwa m'kamera kwatha kale.

Pali msampha umodzi umene umakola pafupifupi aliyense woyamba. Pa kukuza kasanu, malo ooneka bwino kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo ndi opyapyala zedi, cha pa mamilimita 0.05 lenzi ikatsegulidwa yonse. Diso la nankafumbwe likayera, mlomo wake uli kale m'chimbuuzi. Munthu amaganiza zochepetsa kabowo kolowera kuwala kuti malowo akule, monga amachitira pojambula anthu kapena mapiri. Koma kuno masamu ndi ena. Nambala ya kabowoko imachulukitsidwa ndi kukuza kuphatikiza chimodzi, moti f/16 pa kukuza kasanu imachita ngati f/96. Kuwala kukapanikizidwa pakabowo kotero kumamwazika, ndipo chithunzi chonse chimafewa, tsatanetsatane n'kusungunuka. Wathawa chimbuuzi pakhomo, chakulowera pawindo. Njira imene inatsala ndi yaitali: kujambula zithunzi zambiri, chilichonse kamera itasunthira kutsogolo mamicron ochepa, kenako pulogalamu ya pakompyuta monga Zerene Stacker kapena Helicon Focus n'kutola poyera pa chithunzi chilichonse n'kulumikiza chimodzi. Kamera imayenda pakanjanji ka sikuluwu, kopotokola ndi dzanja kapena koyendetsa ndi injini yaing'ono. Ndipo ikasuntha sitepe imodzi imayenera kupuma kaye, sekondi kapena awiri, isanajambule. Sunthani, dikirani, ombani. Sunthani, dikirani, ombani. Makumi a maulendo, nthawi zina mazana.

Amene anaifikitsa patali njira imeneyi ndi Levon Biss wa ku Britain. Mu 2016, ku Oxford University Museum of Natural History, anaonetsa zithunzi za tizilombo pa chionetsero chotchedwa Microsculpture. Ankagwiritsa ntchito lenzi ya maikulosikopu, kamera ikusuntha mamicron 10 pakati pa chithunzi ndi chinzake. Kachilombo kamodzi ankakagawa m'zigawo pafupifupi 30, chigawo chilichonse n'kuchiunikira mwapachokha. Chithunzi chimodzi chomaliza chinkachokera m'zithunzi pafupifupi 8,000 ndipo chinkadya milungu. Tizilombo ta mamilimita ochepa tinapachikidwa pakhoma titatalika mamita. Taganizani kuti pa maulendo 8,000 onsewo kamera inayenera kukhala itakhazikika. Ukulu wa ntchitoyo unabadwa m'kudikira kwakung'ono kobwerezedwa popanda kutopa.

Nanga mphotho yake n'chiyani? Bwererani kwa nankafumbwe. M'thumba la chimanga ndi kadontho kakuda koyenda, kachinthu kotikwiyitsa basi. Pachithunzi chojambulidwa mokhazikika amasanduka chinyama chachilendo. Msana wake wakutsogolo ndi wodzaza ndi timaenje tozungulira, tothithikana, ndipo m'timaenjemo mumatuluka tiubweya tatifupi. Zigoba zophimba mapiko zili ndi mizere yoyenda m'litali, ndi mawanga anayi ofiirira. Mutu umatha ndi chitamba chachitali chokhota pang'ono, tinyanga tiwiri topindika ngati chigongono titamera m'mbali mwake, ndipo kunsonga kwenikweni kwa chitambacho kuli tinsagwada. Ndi timeneto timene wamkazi amaboolera njere, n'kuikiramo dzira, n'kumata pabowopo, mphutsi n'kumadya njereyo kuchokera m'kati mwini nkhokwe osadziwa. Pakati pa timaenje paja pamaoneka timiyala toyera: ndi ufa wa chimanga chathu chomwe. Kamera ikanagwedera mtunda wa theka la tsitsi, tiubweya ndi timiyala tija tikanazimirira m'chimbuuzi.

Izi si zokongoletsa khoma zokha. Pali kachilombo kena koboola chimanga, kochokera ku Central America, kamene kanafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kufalikira m'mayiko oyandikana. Msinkhu wake ngofanana ndi wa nankafumbwe wamba, koma kalibe chitamba, mutu wake umabisala pansi pa msana, kumbuyo kwake n'kodukiza, ndipo kamawononga moopsa kwambiri. Udzudzu waukazi wa Anopheles, wofalitsa malungo, umadziwika ndi timiyendo ta pakamwa totalika ngati mlomo wake, komanso mawanga a pamapiko. Ku America, Sam Droege ndi anzake a labu ya boma yoona za njuchi anajambula njuchi zamitundumitundu m'njira yosanjikiza zithunzi ija n'kupereka zithunzizo kwaulere kuti anthu azizindikirira mitundu. Pa ntchito zotere, kusiyana kwa mtundu uwu ndi uwo kumagona pa kaubweya kamodzi kapena kaenje kamodzi. Chithunzi cha chimbuuzi chimatha kunamiza katswiri, ndipo katswiri akanamizidwa mlimi amalandira malangizo olakwika. Kuletsa kamera kugwedera ndi mbali ya kunena zoona.

N'chifukwa chake zimandimvetsa chisoni ndikaona wophunzira luso ili akutaya mtima, n'kumati zida zake n'zachabechabe. Nthawi zambiri lenzi imaimbidwa mlandu umene sinapalamule. Chimbuuzi chili ndi mitundu, ndipo uliwonse uli ndi chizindikiro chake. Cha kugwedezeka chimakokera mbali imodzi, mizere n'kuoneka iwiriiwiri. Cha kuphonya poyang'ana chimasiya malo ena oyera bwino, kungoti si amene umafuna. Cha kabowo kochepetsetsa chimafewetsa paliponse mofanana. Woweruza wabwino amamva mboni imodzi pa nthawi. Ikani kachidutswa ka nyuzipepala patsogolo pa lenzi. Jambulani ndi kuwala kwa nyali, kenako jambulani ndi fulashi yotsitsidwa mphamvu mumdima, osasintha china chilichonse. Chachiwiricho chikatuluka choyera, ulusi wa pepala ndi m'mphepete mwa inki zikuoneka bwinobwino, lenzi yapezeka yosalakwa. Kenako yesani ndi timer, yesani kagalasi katakwezedwa, yesani pasimenti m'malo mwa patebulo, chimodzichimodzi, mpaka wolakwa atadziwika. Ngakhale amene ali ndi foni chabe ndi kalenzi kopanira pamwamba pake angathe kuyamba lero: foni aimange pathabwa, chojambulidwa achimate pathabwa lomwelo, aike timer, achotse manja.

Luso limeneli lili ndi chodabwitsa chimene sindichipeza kawirikawiri m'maluso ena. Wosema amadziwika ndi nsemo ili m'dzanja, woumba ndi dongo lili m'zala. Koma wojambula tinthu tating'ono, pa mphindi imene chithunzi chake chabwino kwambiri chikubadwa, sakhudza kanthu. Ntchito yake yonse inachitika kale: anafufuza njira iliyonse imene iye, kamera yake ndi nyumba yake zingasokonezere, n'kuzitseka imodziimodzi. Umisiri wake uli m'zimene wachotsa. Ndiye wina akadzakuonetsani chithunzi cha diso la ntchentche, tizipinda take tonse tikuwerengeka, musathamangire kumufunsa kuti kamera yake anagula ndalama zingati. Mufunseni kuti anaimanga pachiyani, ndipo anadikira masekondi angati asanaombe. Akayankha mafunso awiriwo mosadodoma, dziwani kuti mukulankhula ndi mmisiri.